Mwakulitsa injini ya njinga yakale: jeti muisiye, muisinthe, muiboole kapena mugule kabuleta ina?

Chaka chimene njinga yanga, Honda CG125 yakale, inayamba kufuka utsi wabuluu ndi kumwa oilo, ndinali ndi njira ziwiri. Ina inali kuboola buloko yomweyo kuti mulowe pistoni yokulirapo pang'ono, ina kugula buloko yatsopano ya pistoni ya mamilimita 62 imene imasandutsa injini ya 125 kukhala ya 150. Ndinatenga yachiwiriyo. Tsiku lomanga, amakaniko amene ankandithandiza anamasula kabuleta, anatulutsa jeti yaikulu, kamkuwa kokhala ndi bowo lodutsamo petulo, n'kuyamba kukulitsa bowo lake ndi kawaya ka chingwe cha buleki. Maganizo awo anali akuti injini ikakula iyenera kudya zambiri, monga mmene mwana akamasinkhuka timamuwonjezerera nsima. Ine ndinavomera, poti zinkamveka zanzeru.

Sabata isanathe pulagi inali itada bii ndi mwaye. Pachitunda njinga inkatsamwa, moto ukakokedwa wonse inkangolira mobanika osathamanga, ndipo petulo amene kale ankandifikitsa masiku atatu ankatha masiku awiri. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndalama ya buloko ndinaisonkhanitsa movutikira. Ndinatha miyezi ndikumasula ndi kumanga kabuleta ija mpaka ndinamvetsa pamene tinalakwitsa.

Injini yakula bwanji, ndipo kabuleta ikumva chiyani

Pistoni ya CG125 ndi ya mamilimita 56.5 m'mimba mwake, ndipo imayenda mamilimita 49.5 kuchokera pansi kufika pamwamba. Zimenezi n'zimene zimapereka 124cc. Mukaboola buloko n'kuikamo pistoni yowonjezera 0.25, 0.50 kapena milimita imodzi yathunthu, simupitirira 129cc. Kumeneko ndi kukonza injini yotha, si kukulitsa, ndipo jeti ilibe nazo ntchito. Pistoni ya 62 ndiye imakufikitsani pa 149cc, kutanthauza kuti injini yawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Injini zambiri za njinga zochokera ku China zimene anyamata a kabaza amayendetsa zinatengera kapangidwe ka CG yomweyi, imene Honda inatulutsa mu 1975, choncho nkhaniyi ikuwakhudzanso.

Apa m'pamene ambiri amasokera. Amati injini yakula ndi gawo limodzi mwa asanu, ndiye jeti nayo ikule chimodzimodzi. Koma kabuleta wamba ilibe chokankha mafuta kupita mu injini. Pistoni ikamatsika imakoka mpweya kudutsa pakhosi popapatiza pa kabuleta, ndipo mpweya wothamangawo ndi umene umayamwa petulo kudzera m'bowo la jeti, monga mmene pampu yakale yopopera udzudzu inkakwezera mankhwala kuchokera m'kachitini kake. Injini ikakula koma khosi likhale lomwelo, mpweya umadutsa mothamanga kuposa kale, ndipo umayamwa petulo mwamphamvu kuposa kale pa jeti yomweyo. Mafuta amawonjezeka okha inu musanagwire kanthu. N'chifukwa chake injini zambiri zokulitsidwa zimangofuna jeti yokwera sitepe imodzi kapena ziwiri, zina sizifuna kusintha n'komwe, ndipo zilipo zimene zimayenda bwino jeti itachepetsedwa.

Chimene chimasokoneza kwambiri kachulukidwe ka mafuta ndi zinthu zimene anthu amachita tsiku lomwelo pokondwera ndi buloko yatsopano: kuchotsa bokosi la fyuluta ya mpweya n'kuikapo kafyuluta kowonekera kunja, kapena kuboola ekizozi kuti izilira. Bokosi lija likachoka, mpweya umalowa mosavuta, kuyamwa pa jeti kumachepa, ndipo injini imayamba kuperewera mafuta. Pamenepo jeti imafunikadi kukwera kwambiri. Ine ndimalangiza kuti bokosi lisiyidwe, makamaka kwa ife oyenda m'misewu yafumbi, chifukwa fumbi la Okutobala limadya maringi atsopano mofulumira kuposa mmene munawagulira.

Dziwaninso kuti jeti yaikulu, imene amakaniko amati main jet, siilamulira ulendo wonse. Iyo imagwira ntchito yake moto ukakokedwa kuyambira pafupifupi magawo atatu mwa anayi mpaka kumapeto. Pakati ponsepo, pamene timayendera tsiku ndi tsiku, wolamulira ndi singano yopachikidwa pa silaidi, kachitsulo ka m'kabuleta kamene kamakwera mukakoka moto. Pa idling, injini ikungolira njinga itaima, ndi pongoyamba kukoka, wolamulira ndi jeti yaing'ono, pilot jet, pamodzi ndi kasikuluu kake. Munthu akhoza kusintha jeti yaikulu kasanu chikhalirecho vuto lake lili pa singano.

Musanayerekeze njira iliyonse, onetsetsani kuti injini ili bwino kwina konseko. Mavavu a CG amafuna mpata wa mamilimita 0.08 injini itazizira. Mphira wolumikiza kabuleta ndi injini usakhale wong'aluka, chifukwa mpweya wolowa mozemba umaonetsa zizindikiro zonse za jeti yochepa. Fyuluta ikhale yoyera, chiyandamitso cha m'kapu ya kabuleta chisakhale chopindika, ndipo petulo akhale wa pa pampu. Wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu simudziwa chimene asakanizamo, ndipo mukhoza kuikira jeti mafuta amene mawa simudzawapezanso.

Kuisiya kabuleta mmene ilili

Iyi ndi njira imene anthu amainyoza, koma ndi imene muyenera kuyambira. Ngati mwangosintha buloko ndi pistoni, bokosi la fyuluta ndi ekizozi zili za pachiyambi, mangani kabuleta mmene inalili, lizani injini, mumve zimene ikukuuzani. Simuwononga ndalama, ndipo koposa zonse mumakhala ndi poyambira podziwika. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi njinga n'kuyamba kuvuta, simungadziwe kuti cholakwa ndi chiti.

Palinso chifukwa china. Pistoni ndi maringi atsopano amafuna kuzolowerana ndi buloko kwa makilomita mazana angapo musanayambe kukoka moto wonse kwa nthawi yaitali. Masiku amenewo mumakhala mukuyendera pa singano ndi jeti yaing'ono, ndiye jeti yaikulu ikhoza kudikira.

Choopsa cha njirayi n'chakuti ngati mafuta akuperewera inu osazindikira, injini yozizira ndi mpweya imatentha mopitirira. Mafuta ochuluka amadetsa pulagi ndi kukutherani ndalama pa pampu, koma mafuta ochepa amawotcha vavu, amasungunula mutu wa pistoni, mpaka injini kunoka. Choncho kusiya kabuleta sikutanthauza kuiiwala. Ngati mukumva kulira kwa "ngwi-ngwi-ngwi" ngati timisomali m'chitini pamene mukukwera chitunda pa giya yaikulu, kapena injini ikununkha kutentha pa ulendo waufupi, imani, musaumirire. Kwa amene mtima sukukhazikika, kukweza singano ndi mzere umodzi pa masiku oyambawa ndi chitetezo chotsika mtengo.

Kugula majeti angapo n'kumayesa imodzi imodzi

Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ili ndi misampha yake.

Masulani kapu ya pansi pa kabuleta, tulutsani jeti yaikulu, muwerenge nambala yodindidwa pamutu pake. Pa makabuleta a kampani ya Keihin ndi ena otengera Keihin, monga a PZ amene ali pa njinga zambiri za ku China, nambalayo imayandikira kukula kwa bowo: jeti ya 100 ili ndi bowo la pafupifupi milimita imodzi. Masitepe ake amayenda chonchi: 95, 98, 100, 102, 105, 108, 110, 112, 115. Manambalawa amaoneka oyandikana, koma mafuta amatsatira kutambalala kwa bowo lonse, osati m'mimba mwake mokha. Kuchoka pa 100 kufika pa 105 bowo latambalala ndi gawo limodzi mwa khumi, ndipo kufika pa 110 latambalala kupitirira gawo limodzi mwa asanu. Wolumpha kuchoka pa 100 kufika pa 120 wawonjezera pafupifupi theka.

Msampha woyamba ndi wa manambala a makampani osiyana. Majeti a Mikuni a mutu wa ngodya zisanu ndi imodzi amawerengedwa potengera kuchuluka kwa mafuta odutsamo, osati kukula kwa bowo, choncho 120 ya Mikuni yotereyi si 120 ya Keihin. Mnzanu wa Yamaha akakuuzani nambala imene ili m'njinga yake, musathamange nayo ku sitolo. Msampha wachiwiri ndi wa majeti otchipa opanda chizindikiro cha kampani. Ambiri amagwira ntchito, koma nambala yodindidwayo siifanana nthawi zonse ndi bowo lenileni. Mukagula 102 pa benchi ina ndi 105 pa benchi ina, mukhoza kupeza kuti ya 102 ndiye yaikulu. Gulani onse a paketi imodzi, kuti ngakhale manambala atanama, anamire mbali imodzi. Ndipo nyamulani jeti yakaleyo popita kogula, chifukwa mazinga ndi kutalika zimasiyana ngakhale pa majeti ooneka ofanana.

Yambirani pamwamba muzitsika. Tiyerekeze kuti mwapeza 98. Gulani 100, 102, 105 ndi 108, muyambe ndi yaikulu. Ikakhala yochuluka, njinga idzabanika moto ukafika kumapeto, ndipo palibe chimene chawonongeka. Tsikani sitepe imodzi, yesaninso pamsewu womwewo, mpaka kubanikako kuthe ndipo injini izikoka moyera mpaka kumapeto. Pakakhala majeti awiri amene onse akuoneka kuti akukoka bwino, siyani yokulirapoyo. Injini yakale yonyamula matumba a chimanga pa dzuwa la masana imafuna timafuta towonjezera toiziziritsa.

Jeti yaikulu ikakhazikika, bwerani pa singano. Masingano ambiri ali ndi mizere isanu kumutu, ndipo kakilipi kamakhala pa mzere wapakati. Apa anthu amasokonezeka: mukatsitsa kakilipi kupita ku mzere wapansi, singano imakwera, ndipo mafuta amawonjezeka, mukakakweza, singano imamira, mafuta amachepa. Ngati pa liwiro lokhazikika la pakati njinga ikudumphadumpha ngati ikufuna moto wina, ndipo mukawonjezera moto imayamba yazengereza, singano ikwere. Ngati ikulira mophwanyikaphwanyika ndi kununkha petulo, imire. Masingano ena alibe mizere. Amenewo mumawakweza poika kawashala kopyapyala ka theka la milimita pansi pa mutu wake.

Jeti yaing'ono kawirikawiri siifuna kusintha. Manambala ake ndi monga 35, 38, 40, 42, ndipo kasikuluu kake ndi kamene kamakuuzani ngati ili yokwanira. Onani pamene kasikuluuko kali. Kakakhala mbali ya injini, kamalamulira mafuta, ndiye kukamasula n'kuwonjezera mafuta. Kakakhala mbali ya fyuluta, kamalamulira mpweya, ndiye kukamasula n'kuchepetsa mafuta. Injini itatentha bwino, kapotozeni pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene idling ikukwera kwambiri ndi kumveka yosalala, kenaka muwerenge kuti kazungulira kangati kuchokera potsekeka. Musakamange mwamphamvu potseka, nsonga yake imaphwanyika. Ngati ka mafuta kakufuna kumasulidwa kupitirira katatu, jeti yaing'ono yachepa. Ngati injini ikukoma katangotsala pang'ono kutsekeka, jetiyo yakula. Pa ka mpweya zimatembenuka.

Kuipa kwa njirayi ndi nthawi. Mudzamasula kapu ija kasanu kapena kupitirira, manja adzanunkha petulo, ndipo timasikuluu tofewa ta kapu timatha mitu mukagwiritsa ntchito chomasulira chosakwana. Koma chilichonse chimene mwachita chimabwezeka, ndipo majeti anayi ndi otsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi pistoni ina.

Kuboola jeti yomweyo

Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amachita zimenezi. Kumudzi, kumene sitolo ya masipeya ili makilomita makumi angapo, kawaya kali pafupi kuposa jeti. Komabe njirayi ndiikana. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, ndipo kusiyana kwa sitepe imodzi ndi ina ndi magawo awiri kapena atatu mwa magawo 100 a milimita, kocheperapo kuposa tsitsi la m'mutu. Palibe dzanja limene lingayeze zimenezo ndi waya. Bowo limatuluka lopotoka, lokalika mkati, ndipo mafuta sadutsa mofanana. Choipitsitsa n'chakuti nambala yakale imakhalabe pamutu, ndiye amene adzatsegule kabuletayo chaka chamawa, ngakhale inu nomwe, adzawerenga 98 pa jeti imene inasanduka 120.

Pali timadirilo ting'onoting'ono toyezedwa bwino timene timapotozedwa ndi zala, ndipo munthu wosamala akhoza kukulitsa nato jeti moyandikira. Ngati mwafika pamenepo chifukwa palibe pogula, boolani jeti yapadera, yakaleyo muisunge, ndipo mufafanize nambala pa yobooledwayo. Bowo likakula silibwereranso. Kuthira mtovu n'kuboolanso, kumene ena amachita, kumangowonjezera chinthu china chosadziwika.

Kugula kabuleta ina

M'masitolo muli makabuleta a PZ26, amene nthawi zambiri amabwera pa injini za 125, PZ27 pa za 150, ndi PZ30 pa za 200 ndi 250. Mtengo wake si woopsa, ndiye munthu amaganiza kuti bwanji osangogula yonse.

Pali nthawi imene ndi nzeru. Ngati kabuleta yanu yatha, silaidi ikugwedera m'nyumba mwake, bowo lodutsa singano lakula chifukwa cha kukhuzika kwa zaka zambiri, palibe jeti imene ingaikonze. Kabuleta yotha imamwa mafuta pakati ngakhale mutatsitsa singano mpaka mzere womaliza. Zikatere, PZ27 pa injini ya 149cc ndi yoyenera, chifukwa inapangidwira injini ya msinkhu umenewo ndipo majeti amene imabwera nawo amakhala poyambira pabwino. Ndanena kuti poyambira, chifukwa muyenerabe kuiyesa monga ndafotokozera. Fakitale siidziwa fyuluta yanu, ekizozi yanu, kapena kumene mumakhala.

PZ30, ya khosi lalikulu, pa 150 ndiye chiyeso chimene ndaona chikugwetsa anyamata ambiri. Khosi lalikulu limalola mpweya wambiri injini ikamazungulira kwambiri, koma pa mazungulidwe otsika mpweya umayenda mwaulesi, kuyamwa pa jeti kumafooka, ndipo mukakoka moto mwadzidzidzi njinga imayamba yati "bwoo" isananyamuke. Kwa munthu wonyamuka ndi wokwera kumbuyo kambirimbiri patsiku, kapena woyenda mumchenga, kutaya mphamvu ya pansi n'kutaya chimene anakulitsira injini. Ndiponso mutu wa injini ya 125, ndi mavavu ake ang'onoang'ono, sungameze mpweya wonse umene khosi lalikululo lingapereke. Onaninso chodabwitsa apa: kabuleta yaikulu ndi imene imafuna jeti yaikulu, chifukwa kuyamwa kwachepa, osati chifukwa injini yakula.

Makabuleta a silaidi yaphwatalala amtundu wa PWK, amene akufala pa intaneti, anapangidwira njinga zampikisano. Pa CG amafuna mphira wina wolumikizira, chingwe china cha moto, ndi majeti ndi masingano amene m'tauni zambiri simungawapeze pafupi. Kwa wokonda kuseweretsa injini kumapeto kwa sabata, ali ndi chisangalalo chake. Kwa wodalira njinga pa ntchito, sindikuona chimene angapindule.

Mudziwa bwanji kuti mwafika

Njira yoyeza imasiyananso, ndipo iliyonse ili ndi malire ake. Yodziwika kwambiri ndi kuona pulagi. Ambiri amaimasula njinga itangofika pakhomo, itayenda pang'onopang'ono m'mudzi ndi kulira pa idling, ndiye amaona za jeti yaing'ono n'kumaweruza nazo yaikulu. Kuti pulagi inene za jeti yaikulu, ikani yatsopano ya nambala yoyenera, monga NGK D8EA pa CG zambiri, tenthetsani injini, kokani moto wonse pa giya yapamwamba pa msewu wokwera pang'ono, kenaka gwirani kilatchi ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo, muime osailizanso. Musayang'ane nsonga yokha. Suzumirani mkati, pansi pa kadongo koyera kaja, pamene payenera kuoneka kamkombero kofiirira. Kuda kwa mwaye wouma ndi mafuta ochuluka. Kuda konyowa ndi oilo, imeneyo ndi nkhani ya maringi. Kuyera mbee kokhala ndi timadontho tonyezimira ndi chenjezo lakuti pistoni yayamba kusungunuka. Petulo wa masiku ano wopanda mtovu sapaka pulagi mtundu msanga ngati wakale, choncho pulagi yoyererapo payokha isakuchititseni mantha.

Pali kuyesa kwina kumene sikufuna sipanala. Muli pa moto wonse, bwezani dzanja pang'ono chabe, ngati gawo limodzi mwa asanu ndi atatu. Njinga ikachita ngati yapeza mphamvu, jeti yaikulu yachepa. Ikayamba yazengereza kapena kubanika kaye, yakula. Choko, ija timatseka poliza injini yozizira, nayo imathandiza: mukaitseka pang'ono muli pa liwiro njinga n'kukoka bwino kuposa kale, ikupempha mafuta. Zonsezi chitirani pa msewu wowongoka, wopanda anthu ndi ziweto, chipewa chili kumutu, ndipo injini itamaliza kuzolowera.

Choyezera chenicheni ndi kachipangizo kolowetsa mu ekizozi kamene kamawerenga kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta. Petulo weniweni amapsa mokwanira pa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, powerengera kulemera, koma mphamvu yambiri imapezeka cha pa 12.5 mpaka 13, ndipo m'pamene injini yozizira ndi mpweya iyenera kukhala pa moto wonse. Chipangizochi n'chokwera mtengo moti kuchigulira njinga imodzi sikungapindule. Mukapeza galaja imene ili nacho, ola limodzi pamenepo limaposa masabata ongoganizira.

Phiri, chigwa ndi petulo wathu

Nambala ya jeti imene mwawerenga kwa munthu wa ku London kapena ku Durban, malo otsika pafupi ndi nyanja yaikulu, musaikhulupirire mwachimbulimbuli. Mpweya umapepuka mukamakwera. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, pamene mpweya wapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa khumi. Dedza ili cha pa 1,600. Nyanja ya Malawi ili chapansi pa 500, ndipo Chikwawa ndi Nsanje zili pansi penipeni. Mpweya ukapepuka, jeti yomweyo imapereka mafuta ochuluka kuposa ofunika, ndiye okhala kumtunda amafuna jeti yocheperako.

Choopsa chili kwa amene waika jeti yake ndendende ku Dedza n'kutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kapena wa ku Blantyre wotsika ku Thabwa kulowa m'chigwa cha Shire. Kumeneko mpweya ndi wolemera, mafuta amaperewera, ndipo kunja kukutentha kale. Wochokera kuchigwa kukwera kumtunda amangoona njinga ikulefuka ndi pulagi kuda, zimene siziwononga kanthu. Ngati mumayenda malo onse awiri, ikirani jeti malo otsikawo. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi nakonso kumalemeretsa mpweya, ndipo njinga imene inali m'malire mu Novembala imayamba kuphulikaphulika mu ekizozi m'mawa wa chiperoni.

Kumbali ina, petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo amapangidwanso ku Chikwawa. Ethanol amafuna magawo 9 okha a mpweya kuti apse, choncho petulo wosakaniza amafunika wochulukirapo pa mpweya womwewo. Phiri likukokera jeti pansi, ethanol akuikokera pamwamba, ndipo kuti zikumana pati pa njinga yanu, msewu wokha ndi umene ungakuuzeni.

Eni ake a Yamaha DT125, ija alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ayenda nayo zaka zambiri m'midzi, amene aikapo buloko ya DT175 ya pistoni ya mamilimita 66 m'malo mwa 56, asamale koposa. Injini ya thu-sitiroko, monga ya DT, siikhululuka. Mafuta akachepa pa moto wonse, pistoni imagwira mwadzidzidzi tayala lakumbuyo n'kuuma muli pa liwiro. Yambirani pa jeti yaikulu ndithu, mutsike sitepe imodzi imodzi, ndipo chala chikhale pa kilatchi poyesa. Ngati pampu ya oilo inachotsedwa ndipo mumasakaniza oilo m'thanki, kumbukirani kuti oiloyo amadutsa m'bowo lomwelo n'kutenga malo a petulo.

Yanga ija, nditataya jeti yobooledwa ndi waya, inakhazikika pa jeti yokwera masitepe awiri okha pamwamba pa nambala imene inali pamutu pa yakaleyo. Singano ndinaikweza mzere umodzi, jeti yaing'ono sindinaigwire, kabuleta ndi bokosi la fyuluta ndi zomwe zija. Manambalawo ndinawalemba ndi penti mkati mwa chivindikiro cha m'mbali, ndipo momwemo muli jeti ina yokwera sitepe imodzi, yokulungidwa m'kapepala, imene ndimaika ndikakhala ndi ulendo wotsikira ku Nchalo.